Madzi awa ndi a mwezi wanji?

Ife a kuno ku Dedza sitilira tikiti ya ndege kuti tione dziko lili pansi pathu. Nsonga ya phiri lathu ili pa mamita 2,198, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Ukaima pamwamba paja kunja kutayera bwino, nyanja imakhala pansi pako ndi mamita opitirira 1,700, msinkhu umene ndege zing'onozing'ono zimauluka. Amene amatsika Khwekhwerere kuchoka pa Masasa kupita ku Golomoti akudziwa zimene ndikunena: pali makona ena pamene chigwa chonse chimangoti yalu, minda, milambe, njanji, kenako madzi. Ndiye munthu wa kuno akanena kuti mtundu wa nthaka kapena wa madzi mu gemu yoyendetsa ndege wafika kapena sunafike, ali ndi poyambira. Maso ake anaonapo chenichenicho.

Ine ntchito yanga ndi ya mitundu. Ndili ndi kasitudiyo pa boma, kojambula ndi kutsuka zithunzi, kusindikiza makadi a ukwati ndi a chinkhoswe, nthawi zina ndondomeko za mwambo wa maliro. Tsiku lonse ndimalimbana ndi funso limodzi, lakuti chimene chatuluka mu pulinta chikufanana ndi chimene diso linaona kapena ayi. Suti yakuda isatuluke yabuluu, khungu la mkwatibwi lisatuwe. Kompyuta yogwirapo kale ntchito imene ndinagula kuti ndizikonzera zithunzi ndi yomwenso ndimaulutsira ndege usiku ndikatseka, ndipo diso la ntchito lija silitsala pakhomo. Anzanga ena amasamala za mabatani a mu ndege ndi kaikidwe ka matayala pansi. Ine ndimangoyang'ana pawindo.

Gemu imene ndimasewera ndi Microsoft Flight Simulator imene inatuluka pa 18 Ogasiti 2020. Dzinali ndi lakale, linayamba mu 1982, koma ya 2020 inapangidwa ndi kampani ya Asobo Studio ya ku Bordeaux, ku France, ndipo inasintha kamangidwe ka dziko lenilenilo. M'magemu akale, monga Flight Simulator X (FSX) ya 2006, nthaka inali yoyala. Opanga ankakhala ndi zithunzi zowerengeka, china cha munda, china cha nkhalango, china cha tauni, n'kumaziyala mobwerezabwereza potsata zimene mapu anena kuti pamalopo pali chakuti. Munda umene unkauona pa Linthipe unali munda wa paliponse. Ya 2020 imatenga zithunzi zenizeni za Bing Maps, zojambulidwa ndi masetilaiti ndi ndege, zochuluka kupitirira mapetabaiti 2 (pafupifupi magigabaiti 2 miliyoni), n'kuzifunditsa pa mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Pulogalamu ya kampani ya Blackshark.ai ya ku Graz, ku Austria, imayang'ana zithunzizo, ikazindikira denga n'kuimikapo nyumba. Opanga ananena kuti muli nyumba pafupifupi 1.5 biliyoni ndi mabwalo a ndege pafupifupi 37,000. Mitambo ndi mphepo za tsikulo zimachokera ku kampani yoona zanyengo ya Meteoblue ya ku Basel, ku Switzerland.

Zonsezi sizingakwane mu kompyuta imodzi, ndiye zimabwera pa intaneti pamene ukuuluka, ndipo apa ndi pamene thumba limamva kuwawa. Opanga amati liwiro la intaneti la 5 Mbps ndiye poyambira, 20 ndiye zili bwino. Yotsatira yake, Microsoft Flight Simulator 2024, imene inatuluka pa 19 Novembala 2024, imadalira intaneti kuposa pamenepo. Netiweki ikafooka nthaka imachita chimbuuzi, mitundu n'kusakanikirana, ndipo sungaweruze kanthu. Ine ndimagula bandulo ya usiku, komanso ndinapatula malo pa hadi disiki oti gemu izisungapo madera amene ndadutsa kale, gawo limene mu gemumo amalitcha rolling cache. Poti ndimauluka dera limodzimodzi, zimandipepukira.

Ndege yanga ndi Cessna 172, ya injini imodzi, ya mapiko a pamwamba. Mapiko akakhala pamwamba, pansi umaona popanda chotchinga. Ndimanyamukira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, limene pa mapu a ndege limalembedwa FWKI. Msewu wake wonyamukirapo ndege wa nambala 14 umaloza kummwera chakummawa, pafupifupi kumene kuli Dedza, moti ukanyamuka sufunika kukhota kwambiri. Ndimakwera mpaka mafiti 9,500, poti phiri lathu m'mafiti ndi 7,200 ndi kanthu, ndipo Chongoni naye si wamfupi. Mzinda wa Lilongwe umatsala kudzanja lamanja, M1 n'kumayandikira pang'onopang'ono kudzera pa Nathenje ndi Kamphata, phiri la Nkhoma lili kumanzere, mpaka ndikumana ndi msewuwo cha pa Linthipe. Pakatha pafupifupi theka la ola ndimakhala ndili pamwamba pa boma. Kuchoka apo ndimakhotera kummawa, kudutsa cha ku Bembeke, kutsikira ku Mtakataka, kuwoloka madzi, kuzungulira Cape Maclear, n'kukatera ku Monkey Bay kapena ku Club Makokola.

Chimene chinandigwira mtima koyamba ndi manda. Kuno kwathu mudzi ukhoza kudula mitengo yonse, koma msitu wa kumanda sukhudzidwa wamba. Ukayang'ana pansi pakati pa Linthipe ndi Chimbiya, minda ili mbee, umaona timagulu ta mitengo tobiriwira moderako, tozungulira, kamodzi apa, kena apo, kalikonse pafupi ndi mudzi wake. Palibe wa ku Bordeaux amene anakhala pansi n'kuganiza zoika timisitu timeneti. Tinalowa tokha chifukwa tili pa chithunzi, ndipo pulogalamu yodzala mitengo inangotsatira pamene yaona pakuda. Chimodzimodzi madambo, amene amakhotakhota motuwira pakati pa minda yofiira, ndi mabwalo a mpira a pa masukulu, oyera pa magolo pamene udzu unatha. Zimenezi ndi zathu zenizeni, ndipo ndikamaziona ndimadziwa pamene ndili popanda kuyang'ana kampasi.

Koma chithunzi chilichonse chili ndi tsiku lake, ndipo vuto lonse la mitundu lagona pamenepa. Masetilaiti ambiri ojambula dziko amadutsa pamalo cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo chithunzi chimene chimasankhidwa kuti chilowe pa mapu ndi chopanda mitambo. Kuno mitambo imatiphimba kuyambira Disembala mpaka Malichi. Zotsatira zake n'zodziwikiratu: dziko lathu limalowa pa mapu lili louma nthawi zambiri. Palibe amene walakwa, ndi mmene kamera ndi mitambo zimakhalira. Ndiponso dera lalikulu silijambulidwa tsiku limodzi. Amalumikiza zidutswa, ichi cha Meyi, icho cha Okutobala wa chaka china, ndipo ngakhale amayesa kusalaza mitundu kuti igwirizane, msoko umaonekabe kwa munthu wozolowera. Mithunzi nayo inaumira pa chithunzi. Ukaika nthawi ya gemu pa 4 koloko madzulo, mthunzi wa phiri umene gemu yapanga umagwera kummawa, pomwe mthunzi wa m'chithunzi, wa m'mawa uja, udakali kumadzulo kwa mitengo ndi miyala. Ukatsika pansi kwambiri umaona mithunzi iwiri yosemphana.

Tsono Dedza alibe mtundu umodzi woti ungajambule kamodzi n'kusunga. Mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chatseka mizere, dziko lonse lili biriwiri kuyambira m'mbali mwa M1 mpaka m'tsinde mwa phiri, chofiira chotsala ndi tinjira ndi misewu ya dothi basi. Epulo akamatha minda imayamba chikasu. Meyi mikukwe yaima, nthaka yayamba kuonekera pansi pa mapesi. Juni ndi Julayi, nthawi ya chisanu chathu chotchuka chija, udzu wauma wasanduka wakhaki, koma madambo sanafe, ndipo cha ku Bembeke madimba a kachewere, kabichi ndi tomato amalemba timizere tobiriwira kwambiri motsata timitsinje. Ogasiti moto wayamba. Osaka mbewa atentha tchire, mapiri achita mawangamawanga a lupsa, bii, ndipo pakangopita masabata ochepa pa lupsa pomwepo patuluka msipu wanthete. Kenako Seputembala, mwezi umene ndimaukonda kuposa yonse. Mitengo ya tsamba ndi mombo ya m'matsitso otsikira kunyanja imaphuka masamba atsopano ofiira, ena ofiirira, ena achikasu, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, moti mlendo wochokera kumaiko ozizira angaganize kuti masamba akufota pomwe akubadwa kumene. Okutobala anthu asosa, agalauza, katondo ali poyera psuu, kumunsi ku Golomoti ndi ku chigwa cha Bwanje makande akuda ang'aluka ndi dzuwa. Paini wa pa phiri yekha ndiye amakhala ndi mtundu wake womwewo chaka chonse, kupatula pamene padulidwa kapena papsa.

Gemu ya 2020 imasintha malo a dzuwa potsata tsiku limene waika, imathanso kugwetsa chipale kumene chimagwa, koma nthaka ya pansi imakhala ya tsiku lija la setilaiti. X-Plane 12, ya kampani ya Laminar Research, imene inatuluka kumapeto kwa 2022, inabwera ndi nyengo zosintha mitengo, ndipo Microsoft Flight Simulator 2024 nayo ili nazo. Ndi sitepe yabwino. Kungoti chaka chathu sichiyendera kutentha ndi kuzizira kokha. Chimayendera mvula, moto ndi khasu, ndipo zitatuzi ndi zimene zimapaka nthaka yathu mtundu.

Mpweya nawo uli ndi mtundu wake. Phiri likakhala kutali limaoneka labuluu motuwira, chifukwa mpweya umene uli pakati pa iwe ndi phirilo umamwaza kuwala kwabuluu kuposa kofiira. Zimenezi gemu imazichita bwino kwambiri, moti mapiri a ku Angonia, kutsidya kwa malire, amazimiririka mmene amachitira ndikaima pa khonde la sitolo yanga. Chimene ndimaonjezera ndekha ndi utsi. Mu Seputembala ndi Okutobala ukhoza kukwera phiri mpaka pa nsanja za mawailesi, thukuta lili kamukamu, n'kupeza kuti nyanja palibe, kummawa konse kuli mbuu ndi utsi wa tchire ndi fumbi. Dzuwa limalowa lili lofiira lisanafike n'komwe pa mapiri. Mvula yoyamba ikangogwa mpweya umatsukika, mawa lake n'kuona mpaka mapiri a Nankumba. Utsi wotere sumalowa pa malipoti a mitambo, ndiye ndikafuna kuuluka mu Okutobala weniweni ndimazimitsa nyengo ya pa intaneti, n'kukweza ndekha kachingwe koonjezera chimbuuzi mumpweya mpaka mapiri akutali atasowa. Chithunzi chimachepa kukongola koma chimafanana ndi kwathu.

Za madzi ndinaphunzira kwa amalume anga, alongo awo a mayi. Iwo ndi msodzi ku gombe la kwa Kachindamoto, kumene boma lathu limakhudza nyanja. Anabwera pa boma kudzakonzetsa chiphaso, n'kugona kwathu. Titadya nsima ndinawakhazika pa mpando wanga, n'kuwaulutsa kuchoka pa Bembeke kutsikira kwawo. Njanji anaizindikira, msewu wa M5 anauzindikira, mapiri a kutsidya anawatchula limodzilimodzi mpaka chilumba cha Domwe. Titafika pamwamba pa madzi anakhala chete, n'kusendeza nkhope pafupi ndi sikirini.

"Mphwanga, madzi awa ndi a mwezi wanji?"

"Ndaika Febuluwale, amalume. Onani tsiku lili pakonapo."

"Iyayi. A Febuluwale sakhala chonchi. Apa pothira Bwanje payenera kufiira kuyambira m'bangomu mpaka uko." Anayendetsa chala pa galasi, chikhadabo chokhuthala chothyoka m'mbali ndi zingwe za matchera, n'kusiya mzere wa mafuta a nsomba umene tinali titadya. "Mvula ikagwa kwanu kumtunda kuno, ife mawa lake timaona. Madzi amachita ngati thobwa la mawere. Ndiye pamakhala malire, ofiira mbali ino, oyera mbali iyo, ukhoza kuika bwato pakati, nkhafi imodzi uku ina uku."

Ndinawafunsa kuti nanga madzi amene akuwaonawo angakhale a liti. Anati mwina a Novembala mvula isanagwe, tsiku la bata, komabe ndi madzi a kuya, a pakati pa nyanja, amene abwera nawo kugombe. Kwawo kuja n'kosaya, pansi ndi matope ndi mchenga, ndipo madzi ake sada chonchi ngakhale tsiku limodzi. Anandifotokozera kuti mwera ukaomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, nyanja imatuwa, mafunde amavala thovu, ndipo ukaleka madzi amatsala obiriwirako, osaonetsa pansi. A sayansi amanenanso zomwezo m'njira yawo: mwera umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, madzi ozizira a pansi okhala ndi chakudya cha ndere n'kukwera kuno kummwera, ndere n'kuchuluka. Amalume sanawerengepo zimenezo, koma usipa amaudikira potsata mtundu womwewo. Asanadzuke pa mpando anandiuza kuti ndiike usiku. Nditaika, nyanja inada bii. "Nanga nyali za asiginala?" Ankanena nyali zimene asodzi amakopera usipa usiku. Ndinawayankha kuti setilaiti imadutsa m'mawa, asodzi a usipa atabwerako kale.

Kuyambira tsiku limenelo ndinafuna kumvetsa chifukwa chake madzi amavuta kuposa nthaka. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza. Kukalowa m'madzi, madziwo amayamba kumeza kofiira, m'mamita ochepa oyambirira. Kwachikasu ndi kobiriwira kumapitirirako, kwabuluu ndiko kumafika kutali, ndipo kochepa kamene kamabwerera ku diso n'kabuluu. N'chifukwa chake kumpoto, kumene nyanja yathu imazama pafupifupi mamita 700, madzi amakhala abuluu wakuda. Pamene pali posaya ndipo pansi pali mchenga woyera, kuwala kumagunda mchengawo n'kubwerera kusanathe mphamvu, madzi n'kuoneka obiriwira moyera, monga m'mphepete mwa Chembe ndi pa Thumbi. Mukakhala ndere amabiriwira, mukakhala dothi amafiira. Pamwamba pa zonsezi palinso khungu la madzi lenilenilo. Ukayang'ana molunjika pansi, limabweza magawo 2 okha pa 100 a kuwala, ndiye umaona za mkati. Ukayang'ana chopendeka, cha kutali, limabweza pafupifupi thambo lonse, ndiye umaona mtundu wa mitambo. Mphepo ikagwedeza khungulo zonse zimasinthanso. Madzi amodzimodzi, ola limodzi, ali ndi mtundu wina pansi pa phiko ndi wina kutsogolo kwa mphuno ya ndege.

Ndiye gemu singangoyala chithunzi cha setilaiti pa nyanja mmene imachitira pa munda. Chithunzicho chimakhala ndi mafunde oima, kunyezimira kwa dzuwa la m'mawa uja ndi misoko yoonekera kwambiri. Chimene amachita ndi kudula malire a nyanja ndi mitsinje, n'kuthiramo madzi opangidwa ndi kompyuta, amene amayenda ndi mphepo ndi kubweza thambo. Mbali imeneyi, ya kubweza thambo ndi kunyezimira, imatheka mochititsa chidwi. Chimene chimatayika ndi za mkati mwa madzi: kuya, mchenga, matope. M'malo ena osankhidwa, monga ku Bahamas ndi zilumba zina za Caribbean ndi Pacific, opanga amakonza zimene amazitcha water mask, zolola kuti chithunzi cha pansi pa madzi osaya chionekere. Ndinapitako mu gemu kukaona, ndipo n'zokongoladi. Koma Bahamas ndi mchenga woyera wa laimu pansi pa madzi osaya, ndipo kulibe mitsinje ikuluikulu yotsitsa dothi. Mtundu umenewo ndi wa kumeneko.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri a m'magulu a pa Facebook. Pali mapulogalamu oonjezera, monga ReShade, amene amakulola kukoleza mitundu mmene ungafunire, ndipo chida chotere chilibe vuto, chimatengera dzanja. Koma zithunzi zimene zimalandira zala zambiri ndi zija nyanja iliyonse yasanduka Bahamas, udzu uliwonse wasanduka wa pa bwalo la gofu. Wina anaikapo chithunzi cha Cape Maclear chokolezedwa chonchi n'kulemba kuti tsopano zafanana ndi zenizeni. Zinafanana ndi chithunzi cha pa kalendala ya kampani. Pempho limeneli ndimalidziwa bwino chifukwa limabwera pa kauntala yanga tsiku ndi tsiku: achimwene, muwalitseko, mukolezeko. Pa khadi la ukwati ndimavomera, tsikulo ndi lawo. Koma gemu iyi inapangidwira munthu woyang'ana pansi kuti adziwe pamene ali. Woyendetsa ndege yaing'ono masana amadalira zimene akuona: apa dambo, apa mtsinje wathira, apa posaya. Ukakoleza zonse mofanana wafufuta zizindikiro zomwezo. Kwa ine mtundu wolondola ndi umene ungauze munthu wa pamalopo kuti ndi pati komanso ndi mwezi wanji, ngakhale utakhala wotuwa.

Ndipo kufiira kumene amalume ankakufuna pa sikirini kuja ndi kwathu ife a kumtunda. Nadzipulu, Namikokwe ndi Livulezi amatsika m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, Bwanje amadutsa chigwa chake, Linthipe amatenga Diamphwe ndi Lilongwe n'kukathira ku Salima moyang'anana ndi zilumba za Maleri. Dothi limene mitsinje imeneyi imanyamula ndi la m'minda yathu yolima mpaka m'gombe la mtsinje, la m'matsitso mmene mitengo inapita ku makala, la pa lupsa limene mvula yoyamba imalipeza lili lamaliseche. Zilumba za Maleri zili m'gulu la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zake. Nsomba za mbuna zimadya ndere zomera pa miyala, ndipo dothi likakuta miyala n'kutchinga dzuwa, chakudya chawo chimachepa. Ine sindifuna gemu yobisa zimenezi. Mwana wa ku Bembeke akauluka mu Febuluwale n'kutsata Namikokwe kuchokera kumunda kwa agogo ake, ndikufuna akafike kunyanja aone kumene dothi lija lapita. Palibe phunziro la jogalafe limene lingamulowe msanga kuposa limenelo.

Kwa amene mukufuna kuyesa ulendo womwewu, nthawi ndi imene imapanga zambiri. Mukachoka pa Dedza kuloza kummawa m'mamawa, dzuwa limakhala kumaso, nyanja yonse imangonyezimira mbee ndipo simuona mtundu uliwonse. Ikani cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Musatsike msanga mukadutsa Bembeke. Khalani pamwamba mpaka matsitso atathera pansi panu, chifukwa pamenepo ndi pamene mumaona katondo wa kumtunda, nkhalango ya m'matsitso, makande a m'chigwa ndi madzi pa windo limodzi. Sikirini yanu nayonso muiyang'ane. Zambiri zimabwera kuchokera kusitolo zitakolezedwa kale kuti zikope wogula, ndiye musanadandaule za gemu, isintheni ikhale pa mulingo wamba wa mitundu wotchedwa sRGB, muchepetse kuwala, ndipo muzimitse babu la kumbuyo kwanu. Ine ndimaika pambali chithunzi chimene ndinajambula ndekha pa Khwekhwerere, cha mwezi womwe ndaika mu gemu, n'kumayerekeza ndi maso.

Ndikanakhala ndi mwayi wolankhula ndi opanga magemu amenewa, aliyense wa iwo, ndikanapempha zinthu ziwiri. Choyamba n'chaching'ono: pakona pa sikirini pazilembedwa mwezi ndi chaka chimene chithunzi cha nthaka imene ndikuulukapo chinajambulidwa, kuti ndizitha kuika tsiku la gemu logwirizana nacho, dzuwa ndi mithunzi zikhale za nyengo yomweyo. Chachiwiri n'chovutirapo koma zipangizo zake zilipo kale. Gemu imalandira malipoti a mvula tsiku ndi tsiku, ndipo mapu a mitsinje ili nawo. Setilaiti za Sentinel-2 za ku Ulaya zimajambula malo amodzimodzi pafupifupi masiku 5 alionse, kadontho kamodzi ka chithunzi kakuimira mamita 10, ndipo zithunzi zake n'zaulere, moti mmene dothi limafalikira pa mathiriro a Linthipe mwezi ndi mwezi zinajambulidwa kale kwa zaka zingapo. Atatenga zimenezo n'kuphunzitsa madzi a mu gemu kuti mvula ikagwa ku mapiri, pothira mtsinje pazifiira kwa masiku angapo kenako n'kumayera pang'onopang'ono, zingathandize pa Bwanje, pa Songwe, ngakhalenso pa Zambezi pamene amathira m'nyanja ya mchere ku Mozambique.